Waganyu Wanga

Kuno ku Bangwe mphepo tinkaidziwa ngati mbala.
Chaka chija inasasula malata atatu a shopu yanga yometera
n'kukawataya kuseri kwa chigayo.
Tsitsi loti ndasesa kale
inkalibweza pakhomo ngati ngongole.

Ndiye tsiku lina magetsi atathima
mutu wa Namakhwa wowotcherera uli pakati,
mbali ino mpala, mbali inayo tchire,
iye anadziyang'ana pagalasi, osaseka,
nati: Mphepo yonseyi ikungoyenda ulova,
bwanji osailemba ganyu?

Tinapita ku Ndirande Loweruka,
kuja amagulitsa zitsulo zakufa pa kilo.
Tinabwerako ndi dainamo ya lole yomwe inagwa kale,
paipi yapulasitiki yotaya madzi a kubafa,
ndi batire lomwe mwini wake analumbira
kuti likadali ndi mtima.
Mu minibasi kondakitala anatilipiritsa mipando itatu.

Namakhwa anacheka paipi ija mapiko atatu,
anaphika limodzi pamoto mpaka linapsa,
tinagulanso ina, ndalama ya lendi.
Mayi a Esinala sanandiyankhule masiku anayi.

Tinaimika chitsulo pamwamba pa denga,
mawaya anayi kuchikoka uku ndi uku
ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola.
Ana a sukulu anati ndi ndege.
A Mwalabu a pagolosale anati tikuitana mphenzi.
Ndipo mphepo, yomwe siinasowepo chibadwire changa,
tsiku limenelo inajomba.

Inabwera Lachiwiri usiku, osagogoda,
kutsika ku Mpingwe ndi chiperoni kumsana.
Ndinamva denga likung'ung'udza,
fuu, fuu, kenako fufufufu,
ndinatuluka wopanda nsapato m'kamvula kaja,
ndipo kababu kofiira pa batire
kanali katatsegula diso.

Sindikunamizani, waganyu wangayu ndi wovuta.
Sadziwa wotchi.
Juni ndi Julaye amagwira usana ndi usiku,
kuchita kuti ndimumange chingwe angathyoke mapiko.
Miyezi ina amangokhala pa denga, manja lende,
kuyang'ana minibasi zopita ku Limbe,
ine pansi ndikupukuta lumo lakale lamanja.
Amadya girisi.
Analavula bawuti imodzi pa denga la aneba,
ndinakapepesa ndi kumeta ana awo atatu ulere.
Firiji sangayendetse, ayironi musatchule n'komwe.

Koma mashini anga ometera amawaimbitsa,
mababu awiri, kawailesi,
ndi mafoni asanu ndi awiri pa shelefu,
uliwonse ndi mtengo wake.
Ya a Mwalabu ili pomwepo, yachitatu kuchokera kumanzere.
Za mphenzi sanazitchulenso.

Dzulo tauni inathimanso.
Ndinaima pakhomo n'kuyang'ana kumunsi:
Limbe zii, Soche chithunzi chakuda,
nyali za galimoto zokha zikukwawa mumsewu.
Kumbuyo kwanga Esinala anali pa mpando wometera,
miyendo yosafika pansi,
buku la samu pa maondo,
akuwerenga ndi mphepo.

Anafunsa osadzutsa mutu:
Ababa, mphepoyi tikaigwiritsa ntchito,
kumene imapitako imakafika yotopa?

Ndinati sindikudziwa.
Ndinaganiza za anthu a ku Machinjiri
omwe amailandira ikachoka kuno,
ngati akuona kuti yachepa pang'ono,
ngati zovala zawo zikuchedwa kuuma.

Mawa ndikwera pa denga kukamanga bawuti.
Namakhwa akuti phiko limodzi lapindika,
ndipo ndikamubweretsere zikwi zisanu zotsala zija.
Koma usiku uno ndisiyeni ndimvere
mbala yanga yakale ikubweza,
pang'onopang'ono,
malata atatu aja.